Botolo la Ana a Nkhosa

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Febuluwale, nthawi ili folo koloko masana, pamene apongozi anga anandipatsa chikho cha phala kuti ndimwetse mwana wanga wa masiku asanu ndi anayi. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa wotchi inali pamwamba pa sutikesi, pafupi ndi mphasa imene ndinagonapo. M'mudzi wonse wa amuna anga ku Kambombo munalibe wotchi ina. Ndinabwera nayo kuchokera ku Southern Rhodesia, kumene inkandiuza nthawi yoyamwitsa ana a nkhosa.

Mawere anga anali atauma. Malungo anandigwira patapita masiku ochepa nditabereka. Bere lamanzere linatupa n'kulimba ngati mwala, lamanja linkatulutsa timadontho, kenaka linaleka. Masiku atatu amene ndinali chigonere osadziwa kanthu, apongozi ndiwo ankasunga mwanayo. Lachinayi limenelo ndi tsiku limene ndinayamba kukhala tsonga.

Ndinayang'ana m'chikhomo. Munali phala la ufa woyera, lamadzimadzi, losefedwa pansalu, loyera bwino ngati mkaka. Ndinalizindikira nthawi yomweyo. Koma kuti ndinene kumene ndinalidziwira, ndiyenera kuyambira kutali.

A Goma, amuna anga, anabwera kudzanditenga mwana wathu woyamba, Esinati, atangoyamba kuyenda. Iwo ankagwira ntchito pafamu ya nkhosa kumapiri a ku Inyanga, ndipo anati mzungu wa pafamupo amakonda amuna okhala ndi akazi awo chifukwa sathawa. Ine sindinafunsidwe. Ngakhale akadandifunsa sindikadayankha. Manyazi ndinabadwa nawo. Kusukulu ya mishoni ndinalekera Sitandade 1, osati chifukwa cholephera kuwerenga, koma aphunzitsi ankatiimiritsa kutsogolo kuti tiwerenge mokweza, ndipo ine mawu ankathera pakhosi.

Tinayenda wapansi mpaka ku Lundazi, Esinati ali kumbuyo, mtolo uli pamutu. Kuchokera apo tinakwera lole mpaka ku Fort Jameson, kenaka magalimoto aulere amene ankanyamula anthu opita kukagwira ntchito kumwera. Pamalo ogona ankatipatsa ufa ndi nyemba, n'kutiyang'ana m'maso ndi m'manja ngati tili ndi matenda. Zambezi tinawoloka pa pantoni, chibwato chonyamula magalimoto. A Goma anati ndione kukula kwa madzi, koma ine ndinatseka maso mpaka tsidya.

Chimene chinandilandira ku Inyanga chinali chisanu. Kwathu kuchigwa cha Luangwa munthu amagona ndi nsalu imodzi. Kumeneko m'mawa udzu unkayera, madzi otsala m'beseni ankauma pamwamba. Pakomboni panali anthu a ku Nyasaland, a ku Tete, ndi Amanyika eni dziko. Chisenga changa palibe ankachimva kupatula a Goma, choncho ndinapeza chifukwa chabwino chokhalira chete.

Amene sanandilole kukhala chete anali NaPhiri, mayi wa ku Ntcheu wa nyumba yoyandikana ndi yathu. Amuna ake ndiwo ankakama ng'ombe za mzungu. Anali wamkulu thupi ndiponso mawu. Tsiku lachitatu anaima pakhomo pathu manja ali m'chiuno.

"Iwe NyaZimba, a Goma anakutenga ndi lilime lomwe, kapena linatsala kwanu?"

Ndinabisa nkhope m'nsalu. Anaseka, n'kundikoka dzanja kupita nane kuchitsime. Chinyanja chimene ndikulembachi ndinachiphunzira kwa iyeyo, potunga madzi ndi potola nkhuni. Ndiye amenenso anandilawitsa mkaka wa ng'ombe, ine n'kulavula. Kwathu kulibe ng'ombe, ntchentche za kashembe zimazipha. Nkhosa ndinali nditangozimva m'Baibulo. Mkaka umene tinkaudziwa unali wa m'bere la munthu basi, ndipo ukasowa, mwana amapatsidwa phala. Sindinkadziwa kuti pali njira ina.

Nkhosa zinkaswa mwezi wa Meyi, chisanu chikuyamba kulimba. Zina zinkafa poswa, zina zinkakana ana awo, zina zinkaswa atatu pamene mawere ndi awiri. Dona, mkazi wa mzunguyo, anafuna mayi wolera ana amasiyewo, ndipo kapitawo anasankha ine. Anati uyu sataya nthawi ndi kucheza.

Anandipatsa kakhola kuseri kwa nyumba yokamira, mabotolo a mowa otsukidwa, nsonga zakuda za labala, ndi wotchi yakale ya kukhitchini. Poona kuti sindidziwa kuiwerenga, Dona anajambula timizere tofiira pagalasi lake. Muvi waufupi ukafika pa kamzere, ndiye nthawi yoyamwitsa. Kamzere kamodzi kanali pa folo.

Zina zonse anandiphunzitsa NaPhiri, amene anakulira pakati pa ziweto. Anandionetsa kufunditsa mkaka n'kuuyesa pamkono. Anandionetsa kugwada pambali pa nkhosa yongoswa n'kukama mkaka woyamba wachikasu uja, wopatsa ana amene amayi awo afa. Anandiphunzitsanso kudziwa kamene kadzakhale ndi moyo.

"Pisa chala m'kamwa," anatero. "Mukakhala mofunda ndipo kakukoka chalacho, kadzakhala. Mukazizira, usataye mkaka."

Chaka choyamba ndinalera khumi ndi mmodzi, anakula asanu ndi anayi. Ankanditsatira mpaka kukomboni, Esinati akuthamanga pakati pawo. Akamva botolo likugundana ndi chidebe ankalira onse pamodzi, ndipo poyamwa ankagwedeza timichira. Ndinkalankhula nawo Chisenga, chifukwa sankaseka. Chaka chimenecho tinatumiza bulangeti kwa apongozi ndi nsalu ziwiri kwa amayi anga kudzera mwa munthu wa ku Tembwe amene ankabwerera kumudzi. Ndikaganiza za masiku amene ndinakhalako bwino padziko lino, ndi amenewo.

Chaka chachiwiri mzungu anagula makina opukusa ndi dzanja, ochotsa mafuta mumkaka. Mafutawo ankapita kutauni m'zitini. Chotsala chinali mkaka wamadzimadzi, wooneka mobiriwirako m'mbali mwa chidebe, ndipo umenewo ndi umene ankandipatsa. Ana a nkhosa ankamwa, n'kumaliza, n'kumalirabe. Nthiti zinayamba kuoneka. Usiku ndi usana kulira kwawo kunali m'makutu mwanga.

Ndinaganiza monga mayi aliyense wa kwathu akadaganizira. Chakudya chikakhala chamadzi, timawonjezera ufa. Ndinayesa ufa wa phoso limene ankatigawira pafamupo, koma unali wamisere, unkatseka kabowo ka labala.

Kuseri kwa khitchini kunali a Juwawo, mkulu wa ku Tete amene ankachapa zovala za azungu. Tsiku lina ndikudutsa ndinawaona akusungunula ufa woyera kwambiri wochokera m'kabokosi. Atathiramo madzi otentha unalimba nthawi yomweyo, wosalala, wopanda kam'bulu ngakhale kamodzi. Ankaviikamo makabudula a mzungu kuti aziima. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndisanafunse monong'ona kuti n'chiyani. Anati ndi sitachi. Ndinafunsa kuti amapanga ndi chiyani.

"Chimanga, mwanawe. Chimanga chenicheni, koma anachichotsa gaga ndi zonse, kwatsala mtima wokha." Anandiyang'ana kumutu. "Ufuna duku lako liime ngati la mkazi wa abusa?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anandithirira wodzaza manja awiri m'kapepala.

Ndinaphika pang'ono, n'kusakaniza ndi mkaka uja. Unayera, unalemera, unkadutsa bwino pa kabowo. Ana a nkhosa anamwa mwaphuma, kenaka anagona phee, timimba tili tototo. Kwa masiku awiri ndinkayenda ngati munthu wanzeru. Ndinafuna kuuza NaPhiri, koma ndinati ndidikire ayambe anenepa kuti adzadabwe.

Tsiku lachitatu michira yawo inali yonyowa. Ankatsegula m'mimba zamadzi zoyererako, ndipo fungo lake linali lowawasa ngati phala logona masiku angapo. Mimba zinatupa ngati ng'oma koma nthiti zili pamtunda. M'kholamo munali atatu aakuluko amene anali atayamba kale kubudula udzu, ndipo iwowo anangotsegula pang'ono n'kuchira. Ongobadwa kumene, asanu ndi awiri, ndiwo anagona pansi. Ankalira mawu ang'ono ouma. Ine ndinaganiza kuti ndi njala, ndipo ndinawonjezera sitachi.

Pa sabata imodzi anafa asanu.

A Goma anatumbula mmodzi kuseri kwa khola, NaPhiri ndi amuna ake alipo. M'mimba mwa mwana wa nkhosa woyamwa bwino mumakhala mkaka wogwirana ngati chambiko. Umu munali zoterera zathovu. NaPhiri anapisamo zala, anazitikita, ananunkhiza. Kenaka anandiyang'ana.

Anadzandifunsa kuchitsime tili awiri. Anangoti, "Unaikamo chiyani?" Ine ndinayamba kulira, ndipo ndinanena zonse nkhope ili m'chidebe. Sanandikalipire. Anakhala pamwala n'kundiuza kuti mimba ya kanthu kongobadwa imadziwa mkaka wokha. Ufa, ngakhale uyere bwanji, sugayika m'menemo. Umangosasa, n'kutuluka, ndipo potuluka umakokolola madzi onse a m'thupi. Anati kwawo ana a ng'ombe ndi chimodzimodzi, uyenera kudikira kayambe kokha kudya udzu. Ndinamufunsa ngati mwana wa munthu nayenso ali choncho. Ananena kuti iye sanaonepo chobadwa chimene chinabadwira ufa.

Dona ankaganiza kuti ndi matenda a m'khola. Analamula kuti apake laimu m'makoma ndi pansi. Ine ndinasiya sitachi, amuna a NaPhiri anayamba kundipatulira mkaka pang'ono usanalowe m'makina, ndipo imfa zinaleka. Dona anayamikira laimu. NaPhiri sanauze munthu aliyense kupatula a Goma, amene anakhala masiku awiri osandilankhula.

Chaka chachitatu, nkhosa zitatsala pang'ono kuswa, Dona anabwera kuchokera kutauni ndi thumba lojambulidwa mwana wa ng'ombe. Anali wosangalala. Anauza kapitawo kuti uwu ndi mkaka waufa wongosungunula ndi madzi, wopangira ana a ng'ombe, koma wogulitsa anamuuza kuti ndi nkhosa zomwe umachita. Manje mkaka wonse wa m'makina uzipita ku nkhumba.

Ndinamasula thumbalo ndekha m'kakhola. Pamwamba linkanunkhira mkaka ndithu. Koma nditatikita ufawo pakati pa zala unalira tswii, monga mmene unkalirira wa a Juwawo. Ndinasungunula pang'ono n'kuika pamoto. Unalimba.

Ndinathamangira kwa NaPhiri. Iye anati Dona ayenera kuuzidwa, ndipo womuuza ndine, chifukwa khola ndi langa, ndiponso Dona sankamufuna NaPhiri pafupi ndi nyumba chifukwa cha pakamwa pake. Masiku awiri anandiphunzitsa mawu ake m'Chilapalapa, chilankhulo chimene azungu ankalankhula ndi antchito. Anali mawu ochepa: ufa uwu upha ana ang'ono, apatseni mkaka mpaka ayambe udzu. Ndinkawabwereza potunga madzi, posinja, posambitsa Esinati. A Goma atandimva anati ndisayerekeze. Anati Dona adzafunsa kuti wadziwa bwanji, za chaka chatha zidzatuluka, ndipo tonse tidzachotsedwa.

Ndinapitabe. Ndinaima pa sitepe ya kukhitchini manja ali kumbuyo. Dona anatuluka akupukuta manja, n'kufunsa chimene ndikufuna. Ndinayang'ana nsapato zake. Zinali zofiirira, za zingwe, chingwe chimodzi chitamasuka. Mawu onse aja anali m'kamwa. Anafunsanso kachiwiri, mokweza.

Ndinapempha sopo wotsukira mabotolo.

Chaka chimenecho anandibweretsera khumi ndi anayi. Ndinawamwetsa ufa uja ndi manja angawa, muvi ukafika pa kamzere kofiira, ndikudziwa chimene ndikuchita. Amuna a NaPhiri ankabisa mkaka weniweni wokwana mabotolo awiri patsiku, ndipo ndinkasankha oti ndiwapatse. Ndinapulumutsa anayi. Ena aja ankamwa mwaphuma, akugwedeza timichira, akundiyang'ana. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'khola n'kupisa chala m'kamwa mwa aliyense.

Atafa khumi, Dona anati mabotolo anga ndi auve. Anandichotsa n'kuika mayi wina, ine n'kupita kosankha ubweya. Pofika nthawi imeneyo otsalawo anali atayamba udzu, ndipo ufa uja sunkawavutanso. Choncho zinaoneka kuti Dona ananena zoona.

A Goma sanakhalenso bwino pafamupo. Anakangana ndi kapitawo, n'kuganiza zopita kumgodi wa malasha ku Wankie. Anati kumeneko nyumba ya munthu wa banja siipezeka msanga, ine ndibwerere kumudzi ndikachire, chifukwa ndinali ndi pakati. Anandipereka kwa anthu a ku Chikwa amene ankabwerera mvula isanayambe.

NaPhiri ndiye anandilongedzera sutikesi. Wotchi ija Dona anali ataitaya atagula ina, ndipo NaPhiri anaitola. Anaikamonso botolo limodzi ndi nsonga ziwiri za labala. Ndinamuuza kuti kwathu kulibe choika m'botolomo.

"Ndikudziwa," anatero. "Tenga basi. Esinati azikaseweretsa."

Anatiperekeza mpaka pamsewu. Lole itafika anandigwira masaya onse awiri n'kunena kuti ndikafika kwathu ndikafunefune lilime lija pamene ndinalisiya. Anaseka, koma maso ali ofiira. Sindinamuonenso.

Kumudzi ndinapeza amayi anga anamwalira chaka chapitacho. Kalata yondiuza za malirowo inasochera, ndipo nsalu ziwiri zija ndinaziona atavala azakhali. Ndinakhala kwa apongozi, amene anali atakalamba kuposa mmene ndinawasiyira. Esinati ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chimanyika, anzake n'kumamuseka. Ine ankanditcha Dona wa nkhosa chifukwa cha wotchi, imene ndinkaipukusa m'mawa uliwonse ngakhale panalibe choyamwitsa. A Goma analemba kalata imodzi atafika ku Wankie. Ina sinabwere.

Mwanayo anabadwa mvula ili pakati, kamnyamata. Dzina tinkadikira kuti bambo ake atumize. Anayamwa bwino masiku oyamba, kenaka malungo aja anandigwira.

Apongozi sanangothamangira phala. Anayamba apita kwa NyaLungu, mkazi wa mlamu wanga, amene anali ndi mwana wa kubere. Koma NyaLungu anali ataimanso, ndipo kwathu amati mkaka wa mayi woyembekezera ndi woipa, ngakhale mwana wake yemwe anali atamuletsa. Mayi wina woyamwitsa m'mudzimo amuna ake anakana, anati matenda anga angalowe m'nyumba mwawo. Mkaka wa m'chitini unali kusitolo ku Lundazi, ulendo wa masiku asanu, mitsinje itadzaza. Ndiye anachita chimene amayi awo anawaphunzitsa. Anasinja ufa, anausefa kawiri, anaphika mosamala.

Ndi chimenecho chimene anandipatsa Lachinayi lija.

"Mwetsa, mkamwana," anatero. "Wazolowera kale, akumwa bwino. Ona kamimba."

Ndinaona. Kamimba kanali tototo, nthiti zili pamtunda. Ndinamasula kansalu kamene anamukulunga m'chiuno. Fungo linandifika ndisanaone n'komwe. Linali la m'kakhola kaja.

NyaLungu anali atakhala pakhomo akusankha mpunga. Apongozi anali atagwada pafupi nane, atagwira supuni. Chikwatiwire ndinali ndisanawatsutsepo pa kanthu kalikonse, ngakhale kuwayang'ana m'maso.

"Amama," ndinatero, "ana a nkhosa ankafa nalo phala."

Anandiyang'ana ngati malungo abwereranso.

"Uyu ndi nkhosa?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinanena za mimba ya kanthu kongobadwa, za ufa umene umangodutsa n'kutenga madzi. Mawu ankatuluka osalongosoka, Chisenga chosakanikira ndi Chinyanja cha NaPhiri. Apongozi anamvetsera mpaka ndinaleka. Kenaka ananena kuti iwo analera ana atatu ndi phala lomweli chaka chimene mawere awo ndi a mng'ono wawo anauma ndi njala. Zimenezo zinali zoona. Zinalinso zoona kuti mwa atatuwo anakula mmodzi, mlamu wanga, amene anali kale ndi miyezi isanu. Awiri enawo mudzi wonse unkadziwa pamene anagona. Ndinkadziwa, NyaLungu ankadziwa, iwonso ankadziwa. Sindinanene.

Sanakwiye. Anaika supuni m'chikho n'kufunsa motsitsa mawu.

"Chabwino. Manje umupatsa chiyani? Nena, mwana wanga. Chili kuti?"

Tsidya la dambo kunali mudzi wa a Mvula, munthu amene anabwera ndi mbuzi zinayi kuchokera kumtunda, ndipo zinali zisanafe. Ndinali nditamva kuti imodzi yaswa. Ndinanena zimenezo ndikuyang'ana mphasa. NyaLungu anaseka, kenaka analeka msanga. Apongozi anapukusa mutu. Anati mbuzi sikamidwa, ndi chinthu chonunkha chodya zinyalala. Anati mwana wa a Goma sangayamwe chiweto, ndipo bambo ake akadzamva adzafunsa iwo, osati ine. Anawonjeza kuti dambo ladzaza, ine sindingathe ngakhale kufika kuseri kwa nyumba ndekha.

Mwana anayamba kulira. Anali mawu ang'ono, ouma, opanda misozi. Ndinamuika kubere lamanja. Anakoka kawiri, katatu, n'kulisiya, n'kulira. Ndinafinya ndi zala mpaka ndinamva kuwawa m'mutu. Sipanatuluke kanthu.

Muvi waufupi unali pa kamzere kofiira. Amayi awiri aja ankandiyang'ana. Ndinatenga supuni.

Anamwa mwaphuma. Ankatsegula kakamwa supuni isanafike, timanja tikugwira m'mwamba. Ndinamupatsa mpaka chikho chinafika pakati, ndipo anagona phee pamiyendo panga.

"Waona?" anatero apongozi, akundisisita paphewa.

Dzuwa lisanalowe anatsegula m'mimba katatu. Liwombo linalowa m'kati moti chala chinkakhalamo. Apongozi anati ndi matenda a liwombo, n'kupita kukafuna mizu yotentha kuti apakepo. Anapaka mosamala, akumuimbira motsitsa. Ankamukonda mwanayo, zimenezo sindingawalande.

M'mawa mwake, apongozi atapita kotunga madzi, ndinatsegula sutikesi. Ndinawiritsa botolo ndi nsonga imodzi mumphika wa ndiwo. Esinati ndinamusiya kwa NyaLungu, amene anaona botololo koma sanafunse. Anangondithandiza kumanga mwana kumbuyo, n'kundipatsa ndodo.

Padambo madzi anafika m'ntchafu, pena m'chiuno, ndipo ndinakweza mwana mpaka pakhosi. Kawiri ndinakhala pachulu kudikira kuti maso asiye kuchita mdima. Kumbuyo kunali zii. Ndinkadziuza kuti wagona.

Ndinafika dzuwa litakwera. A Mvula anali pabwalo akusema mpini. Ndinagwada patali pang'ono, ndinawapatsa moni, ndipo ndisanayambe kuyang'ana pansi ndinanena mokweza kuti ndabwera kudzapempha mkaka wa mbuzi yawo. Anandifunsa kawiri ngati amva bwino. Akazi awo anatuluka m'nyumba n'kuitana anzawo. Kenaka a Mvula anayang'ana mtolo umene unali kumbuyo kwanga, anaika kasemasema pansi, n'kupita kukhola.

Inali mbuzi yaing'ono yakuda, bere lake losaposa chibakera. Iwo anaigwira nyanga. Ine ndinagwada pambali pake, mutu nditatsamira pamimba pake monga anandiphunzitsira NaPhiri, n'kuyamba kukama. Anthu anadzaza bwalo. Ena ankaseka, wina analira ngati mbuzi, mayi wina analavula. Ndinkawamva ngati ali kutali. Mkaka unkagwa m'botolo pang'onopang'ono, wofunda, mpaka unakwana zala ziwiri.

Ndinamasula nsalu n'kumutsitsa mwana pamiyendo. Maso anali otseguka pang'ono. Ankapuma. Ndisanaganize n'komwe, chala changa chinali kale m'kamwa mwake.

Munali mozizira. Sanakoke.

Anthu aja anali atasiya kuseka. Ndinaika nsonga ya labala pakati pa milomo yake n'kufinya madontho. Mkaka unadzaza m'kakamwa, unatulukira pambali, unatsika pamkono wanga mpaka pachigongono. Ndinapukuta, n'kufinyanso. Ndinachita choncho mpaka botolo linatha.

A Mvula anafunsa motsitsa ngati aisiye mbuziyo ipite.

"Gwirani," ndinatero.

Ndinamugoneka mwana pansalu pambali panga, ndinatsamiranso mutu pamimba pa mbuzi, n'kupitiriza kukama.